Kodi a kabaza ali ndi malo m'mapulani a boma a zamayendedwe?

Bambo wina wa ku Kapata, mu tauni ya Chipata ku Zambia, yemwe amapalasa njinga ya kabaza, wandilembera imelo. Akuti pa wailesi akumva za mayendedwe osaononga chilengedwe ndi mabasi a magetsi. Funso lawo n'lakuti: kodi boma likufuna kuwachotsa pamsewu? Nanga misonkhano ya khonsolo imene amaitanidwako ili ndi phindu, kapena n'kungotaya tsiku la ndalama?

Bambo, papepala simukuchotsedwa. Mu 2019 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko ya zamayendedwe, ndipo chaka chomwecho kunatulukanso chikalata china chokhudza oyenda pansi ndi opalasa njinga, chimene chimati misewu ya m'matauni izikhala ndi njira zawozawo. Njinga yanu simwa petulo, situlutsa utsi, ndipo siikumba msewu. Zimene akuluakulu amakambirana ku Lusaka, inu mumazichita m'mawa uliwonse. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, mpaka fakitale ya njinga ya Luangwa Industries inali konkuno.

Zamagetsizo zilipodi. Mu bajeti ya 2024 boma linachotsa msonkho wa pachipata pa magalimoto ndi njinga zamoto za magetsi. Koma amene anakhala mumdima chaka chomwecho, madzi atachepa ku Kariba, adziwa kuti basi ya magetsi siifika mawa ku komboni ya Mchini.

Vuto lanu lenileni ndi malo pamsewu. Msewu wa Great East unakonzedwa kuchokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami, ndipo malole opita ku Malawi ndi ku Nacala amadutsa pakati pa tauni. Njanji ya Chipata–Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010, ikadanyamula katundu wochuluka, malole ena sakadapezeka pamenepo n'komwe. Wa njinga amapanikizidwa pakati pa lole ndi ngalande, kenaka ngozi ikachitika anthu amati ndiye wosasamala.

Za misonkhano, pitani, koma musankhe. Misonkhano ina imaitanidwa mapulani atajambulidwa kale, kontrakitala atasainira. Kumeneko mukangolemba dzina, kumwa chakumwa chozizira, basi. Yofunika ndi ya koyambirira. Lamulo la mapulani a matauni la 2015 limafuna kuti khonsolo ifunse anthu pokonza pulani ya chitukuko cha dera lake. Palinso komiti ya chitukuko ya wodi, kumene mapempho a CDF (thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu aliyense) amayambira, ndipo thumba limeneli linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Ndalama zotere zingamange shedi yoimikapo njinga kapena kukonza kamsewu ka m'komboni.

Dziwaninso khomo loyenera. Msewu waukulu uli m'manja mwa bungwe loona za misewu la RDA, zachitetezo cha pamsewu ndi za bungwe la RTSA, pomwe masiteshoni ndi misewu ya m'komboni ndi za khonsolo. Ambiri amakalipira kansala pa nkhani ya msewu umene suli wake.

Musapite nokha. Sonkhanani a pasiteji yanu, itananinso amayi a pa msika wa Saturday amene mumawanyamulira matomato, mulembe kalata imodzi yotchula malo enieni: pakona pakuti tikufuna chitunda chochepetsa liwiro, apa tikufuna poimika njinga. Mlembi akadinde kope lanu, ndipo pamsonkhano wotsatira mukafunse kuti pempholo lafika pati.