Mpira wakhudza mitengo koma munthu sanatuluke: kodi ndi kubera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Johannesburg. Akuti kiriketi anayamba kuionera chifukwa cha anzawo a kuntchito, koma pali chimodzi chawazunguza mutu: "Pa TV akuonetsa kuti mpira ukanakhudza mitengo, koma akuti womenya sanatuluke. Patapita kanthawi, chithunzi chonga chomwecho, wina watuluka. Si kubera kumeneku? Nanga makamerawo ntchito yake n'chiyani?"

Achimwene, si kubera ayi, ndipo ine lamulo limeneli ndimaliikira kumbuyo. Ampaya (woweruza masewero) akakweza chala pa lbw, kutanthauza kutulutsa womenya chifukwa chotchinga mpira ndi mwendo, amakhala akunena kuti mpira ukanagwetsa mitengo itatu ya kumbuyo kwa womenya chikhala kuti mwendo sunatchinge. Asanatero, amayenera kukhutira m'kuphethira kwa diso kuti mpirawo sunanjanje kunja kwa mtengo wa mbali ya miyendo ya womenya, sunayambe wakhudza bati, ndiponso unamupeza ali mumzere wa mitengo. Ukamupeza kunja kwa mzere mbali inayo, amatuluka pokhapokha ngati sanayese n'komwe kuumenya.

Tagwirani liwu lakuti "ukanagwetsa". Chinthucho sichinachitike. Mpira unathera pa padi, chotchingira mwendo chija. Makamera a Hawk-Eye amaujambula kuchokera m'manja mwa woponya mpaka pamwendo basi. Mzere wopitirira mpaka pamitengo uja ndi kompyuta imene yawerengetsera. Imawerengetsera bwino kuposa diso la munthu, izo sinditsutsa, koma n'kulosera ndithu. Mpira ukanjanja pafupi kwambiri ndi mwendo, kompyuta imatsala ndi kamtunda kochepa koonera momwe wakhotera ndi momwe wakwerera.

Apa ndiye pamene pamalowera umpire's call, lamulo losiya chigamulo cha ampaya momwe chilili. Kuti chigamulo chakuti sanatuluke chitembenuzidwe, pamafunika kuti theka la mpira kapena kuposa likhale likumenya mitengo. Mitengo itatuyo pamodzi ndi pafupifupi masentimita 23 m'lifupi, mpira ndi masentimita 7 ndi pang'ono. Ndiye mkangano wonsewu uli pa kadanga kosakwana masentimita 4, kochepa kuposa chala chanu chaching'ono. Mpira ukangopsepseza, zimene ampaya ananena poyamba zimakhala zomwezo, kaya anati watuluka kaya anati ayi. N'chifukwa chake munaona zithunzi zofanana koma zigamulo ziwiri. DRS, njira imene timu imadandaulira kuti chigamulo cha ampaya chionedwenso pa makamera, siweruza mlandu mwatsopano. Imangofunsa ngati ampaya walakwa moonekeratu. Ndipo kuyambira 2017, timu siluza mwayi wake wodandaula zikathera pa umpire's call.

Kukayikira kwanu si kwachilendo. DRS inayesedwa koyamba mu 2008 ku Colombo, pa masewero a Sri Lanka ndi India, ndipo Virender Sehwag ndiye anali woyamba kutulutsidwa nayo. Amwenye anakhala akuikana pa masewero awo ndi mayiko ena mpaka 2016. Kwanuko ku Newlands, mu January 2022, ampaya Marais Erasmus anatulutsa Dean Elgar wa South Africa pa mpira wa Ravichandran Ashwin wa India. Elgar anadandaula, kompyuta n'kuonetsa mpira ukudutsa pamwamba pa mitengo. Erasmus anapukusa mutu osakhulupirira, Virat Kohli, kaputeni wa India panthawiyo, n'kukawerama pamitengo kukalalatira maikolofoni. Ngati ampaya wodziwa ntchito chotere angadabwe ndi mzere wa kompyuta, ine sindingavomere kuti kupsepseza kwa mamilimita ochepa kukhale kokwanira kufafaniza chigamulo cha munthu amene anaima pomwepo.

Ben Stokes wa England sagwirizana nane. Mu 2024 ku Rajkot ananena kuti umpire's call ichotsedwe: ngati mpira ukukhudza, ukukhudza basi. Ndimamumvetsa, chifukwa chigamulo chotere chikakugwera chimawawa. Koma kuichotsa sikuthetsa mkangano, kumangousamutsira m'mphepete mwenimweni mwa mtengo, pamene kompyuta ingaphonye mosavuta. Komanso omenya angamatuluke kawirikawiri, popeza mitengo ingakhale ngati yakula.

Chimene chimandipweteka ine si makamera, koma makaputeni otaya mwayi wodandaula mwachisawawa. Amapatsidwa masekondi 15 oti aganize, koma ena amapanga chizindikiro cha T chodandaulira chifukwa cha mtima wapachala. Ku Headingley, mu August 2019, England posewera ndi Australia inatsala ndi wiketi imodzi, kutanthauza kuti wina akangotuluka yagonja. Tim Paine, kaputeni wa Australia panthawiyo, anadandaula pa mpira wa Pat Cummins kwa Jack Leach, mpira woti unanjanja kunja kwa mtengo wa kumiyendo moonekeratu. Umenewo unali mwayi womaliza wa Australia. Ova (gawo la mipira 6) yotsatira, England ikufuna marani 2 okha, Nathan Lyon anamenya Stokes pa padi. Anyamata onse anakuwa manja ali m'mwamba, Lyon n'kugwa chagada, koma ampaya Joel Wilson sanakweze chala. Pa TV mabokosi onse atatu anaoneka ofiira: ponjanjira, pokhudzira, pamitengo. Panalibenso za umpire's call apa, Stokes anayenera kutuluka, ndipo makamera anali okonzeka kukonza cholakwacho, koma Paine analibe poyambira. Ova inayo Leach anapeza rani imodzi, Stokes n'kumenya folo (marani 4), England n'kupambana iye ali ndi marani 135 osatuluka.