Agogo ayankha: abale a bambo akundisala chifukwa cha nyumba

Mdzukulu wina wa ku Chinamwali wandilembera, akuti bambo ake anamwalira chaka chatha ndiye maliro atangotha abale a bambowo ochokera cha ku Jali anabwera nkumati nyumba ndi njinga yamoto ndi za mbumba yawo, mayi ndi ana azipita kwawo. Iye poti ndi mwana woyamba anakana, anapita kwa a DC, nkhani inatha yoti nyumba ikhale ya mayi ndi ana. Pano azakhali sayankha moni, anamuchotsa pa gulupu ya WhatsApp ya banja, msuweni wake atamwalira anamva kwa anthu apadera ataika kale. Akuti agogo, ndingoipereka nyumbayo kuti mtendere ubwere?

Ayi mwana wanga, nyumba usapereke. Ukapereka lero mawa azibale ako agona kuti? Ndipo usaganize kuti akakulanda nyumba ndiye ayamba kukukonda, angokuona kuti ukaopsezedwa umagonja basi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lili kumbali yako, limati munthu akamwalira osasiya wilo chuma ndi cha mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana, ndi amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu nkumangidwa nawo. Apo sunalakwe.

Koma tamvera zinazi, poti inu ana a masiku ano mukangopambana kwa DC mumaona ngati zatha. Azakhali akowo si akuba ngati a mu msika ayi. Kuno kwathu, kaya ndi Anyanja, Ayao kapena Alomwe, tinakula ndi chikamwini, mwamuna ankapita kukakhala kwa mkazi, ana amawerengedwa a kuchikazi ndipo mwini mbumba anali malume. Mwamuna akamwalira tinthu take timabwerera kwa alongo ake ndi ana awo, mkazi sankadandaula poti munda ndi nyumba zinali pamudzi pake kale. Kunalibe zoti munthu wagula puloti mu tauni nkumanga ya malata ndi ndalama za penshoni mkazi akuthandizira ndi geni ya mandazi. Ndiye iwo akuyendera zakale zija, iwe ukuyendera za boma, ndipo chikuwawawa kwambiri mwina si nyumbanso koma manyazi, kuti kamwana ka mchimwene wawo kanawaimika pamaso pa anthu a mu ofesi.

Ndiye ukapita kukapepesa udziwe chomwe ukupepesera. Za nyumba ayi. Koma ngati pa mkangano paja unatukwana, unaloza chala munthu wamkulu kapena unalemba zachipongwe pa sitetasi, zimenezo pepesa ndithu, mogwada.

Komanso osapita wekha, osalemba meseji, nkhani ya chibale siyikambidwa pa foni. Makolo ako pokwatirana panali ankhoswe, a kuchimuna ndi a kuchikazi, afufuze ngati alipo moyo, ntchito yawo sinathe ngakhale bambo anamwalira. Ngati palibe, malume ako atsogole, kapena mkulu wa mpingo kaya shehe amene mbali zonse zimamumvera. Iwowo ndiwo akatsegule pakamwa, iwe ukhale pamphasa kumbuyo utavala chitenje osati jinzi yako ija, manja asakhale opanda kanthu, kashuga, sopo, mchere, zokwanira m'thumba mwako. Akakalipa asiye akalipe, usayankhe chilichonse tsiku loyambalo olo anene zabodza, munthu akatulutsa zakukhosi ndi pomwe amayamba kumva.

China chomwe sunanene m'kalata yako, agogo ako obereka bambowo alipo? Ngati alipo ndipo bambo ako ndi amene ankawagulira feteleza ndi mankhwala, dziwa kuti nawonso lamulo lomwe lija limawawerengera ngati odalira malemu. Nthawi zambiri mkwiyo wa kumudzi umachokera pamenepo, nkhalamba yataya mwana, yatayanso thumba la chimanga lomwe limabwera Januwale njala ikavuta, ndiye a mu tauni angoti zii. Kwera minibasi upite ukawaone, Airtel Money ndi yabwino koma simagwira munthu dzanja.

Za maliro ndiye ndikuuze mosabisa, ukamva olo kwa munthu wodutsa, nyamuka. Sayitana pamaliro. Ukafike ndi chipepeso chako, ulembetse kwa amfumu monga aliyense, ukalowe kukhitchini kutunga madzi ndi kutsuka mbale, ugone pa siwa ndi anzako. Ena akuyang'ana cham'mbali, ena anong'onezana, zisiye, palibe amene angakuthamangitse pamaso pa mudzi wonse. Kwa msuweni wako anaika kale uja pitabe ukapepese kwa mayi ake ngakhale papita miyezi. Ndipo mukadzaganiza zomanga chiliza cha bambo musadzapange nokha ndi mayi, manda ali kwawo, uwafunse azakhali tsiku ndi kachitidwe kake, apo mpamene ambiri amayambira kulankhulana.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola, nzoona, koma sindikunamiza kuti onse abwerera. Ena atha zaka, wina mwina mpaka kale kale osakuyankha moni. Zikamakusowetsa tulo usazisunge wekha, uza mayi a mvano kapena mnzako wokhulupirika, koma osati wokonda kunyamula nkhani. Ndipo azing'ono ako uwauze kuti akakumana ndi azisuweni awo ku msika wa Zomba kapena pa Mpondabwino azipereka moni ngati kale, nkhaniyi si yawo, asamamve iwe ndi mayi mukuwatchula azakhali kuti mfiti pa nthawi ya nsima.