Anandifunsa za ana anga, ndinabisa mmodzi: mayankho aja anapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chadiza. Akuti zaka zingapo zapitazo pakhomo pawo panafika anthu a boma atanyamula matabuleti. Anayeza ana msinkhu ndi kulemera, anawabaya pachala, kenako mtsikana wina anakhala nawo pambali n'kuyamba kuwafunsa za ana onse amene anaberekapo. "Ndinabereka asanu koma ndinatchula anayi," analemba choncho. "Wachiwiri anangokhala masiku atatu. Apongozi anga anati za mwana wotere sitiuza alendo, ndiponso anthu otenga magazi sitidziwa kumene amapita nawo. Mpaka lero mtima sunakhale pansi. Kodi mayankho aja anapita kuti? Nanga kubisa kwanga kunaononga kanthu?"

Mayi, pepani ndi imfa ya mwana wanu. Ngakhale papite zaka, chilonda chotere sichipola msanga, ndipo kufunsidwa za icho ndi munthu amene mwangomuona tsiku lomwelo n'kowawa.

Anthu amene anafika kwanuwo sanali a kalembera. Kalembera amalowa nyumba iliyonse m'dziko lonse ndipo satenga magazi. Kuno ku Zambia wachitika mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022, ndipo womalizayu anapeza kuti tapitirira 19 miliyoni, pamene mu 2010 tinali 13 miliyoni. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa Zambia Demographic and Health Survey, amene bungwe la boma loona za ziwerengero la ZamStats, lija kale tinkati CSO, limachita pamodzi ndi unduna wa zaumoyo. Woyamba anachitika mu 1992. Kafukufukuyu salowa nyumba zonse ayi. Amasankha madera ndi makomo mwamaere, kuti ochepawo aimire dziko lonse. Mu 2018 anacheza ndi amayi 13,683 a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo 12,132. Ndiye ngati anadumpha anansi anu n'kulowa kwanu, sikuti wina anakunenezani. Maere anagwera pakhomo panu basi.

Za magazi, apongozi anu sindiwaseka. Mbiri ya opopa magazi inayamba kale, nthawi ya atsamunda, ndipo munthu amene sanauzidwe bwino ali ndi chifukwa chochitira mantha. Koma dontho la pachala lija limayezedwa pomwepo ndi kamakina kakang'ono, kuti aone ngati munthu ali ndi magazi okwanira m'thupi, ndipo zotsatira amakuuzani asanachoke. Mu kafukufuku wa 2018 ankayezanso HIV kwa amene avomera, ndipo madontho opita ku labotale ankaikidwa pa kapepala kokhala ndi nambala, osati dzina. Munthu ali ndi ufulu wokana kubayidwa, ndipo palibe mlandu.

Nanga mayankho amapita kuti? Amachoka mu tabuleti kupita ku likulu la ZamStats ku Lusaka. Asanaperekedwe kwa ofufuza, mayina amachotsedwa, ndipo inu mumasanduka mzere wa manambala: mayi wa zaka zakuti, wa kumudzi, wa chigawo cha Kum'mawa, anabereka ana angapo. Ngakhale malo a mudzi pa mapu amawasuntha dala, kutauni mpaka makilomita 2, kumudzi mpaka makilomita 5, ndipo midzi ina yochepa mpaka 10, kuti wophunzira wa pa yunivesite ya UNZA kapena dokotala wa ku London amene akusanthula manambalawo asathe kuloza kuti pakhomo pake ndi apa. Lamulo la Statistics Act la 2018 limaletsa kuulula zimene munthu wayankha, ndipo ogwira ntchitoyi amalumbira kusunga chinsinsi. Choncho nyakwawa yanu, abusa anu, ngakhale amuna anu sangakapeze mayankho anu kumeneko.

Funso lanu lachiwiri ndilo landisowetsa tulo, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti ndikutonthozeni. Mwana mmodzi wobisidwa sasintha chiwerengero cha dziko. Koma simuli nokha. Tonse tikudziwa mwambo wathu: khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, amakaika ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira mokweza. Nthawi zambiri limapita lisanapatsidwe dzina. Pakhomo salitchulanso. Ndiye mlendo akafunsa kuti "munabereka ana angati?", pakamwa pamangotuluka chiwerengero cha amene anakula. Ine ndemwe ndinadziwa ndili wamkulu kale kuti pakati pa ine ndi mchemwali wanga panali mwana wina. Anandiuza ndi azakhali, amayi atamwalira kale.

Tsono onani chimene manambala akunena. Pakati pa zaka za m'ma 1990, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, pafupifupi 200 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa 2007 anapeza 119, wa 2013 mpaka 2014 anapeza 75, ndipo wa 2018 anapeza 61. Katemera, maneti a udzudzu, mankhwala a malungo ndi ma ARV oteteza mwana kwa mayi zagwira ntchito ndithu. Koma mwa 61 amenewo, 27 anamwalira m'mwezi woyamba weniweniwo, ndipo chiwerengero cha makandachi sichinatsike pakati pa kafukufuku wa 2013 mpaka 2014 ndi wa 2018: chinachoka pa 24 kufika pa 27. Ndiye kuti pa nthawi imeneyo pamene nkhondo inatikanika kwambiri panali pa makanda a masiku ochepa, omwe aja mwambo umatiuza kuti tisawatchule.

Imfa zambiri za kumudzi sizilembedwa ku boma. Mwana womwalirira kunyumba kapena panjira yopita kuchipatala sapezeka m'kaundula wa anamwino. Njira yaikulu imene dziko limadziwira za iye ndi pakamwa pa mayi wake, tsiku limene wofufuza wakhala naye pamphasa. Amayi ambiri akachita monga munachitira inu, vuto limaoneka laling'ono kuposa mmene lilili, ndipo wogawa ndalama ku Lusaka saona chifukwa chowonjezera azamba, chomangira nyumba yodikirira amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala, kapena chogulira zipangizo zothandiza khanda lobanika pobadwa. Mutu umodzi susenza denga, koma denga la nkhani imeneyi likusenzedwa ndi amayi masauzande ochepa okha amene maere anawagwera.

N'chimodzimodzi ndi zaka za atsikana. Mu 2018, mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo kuno Kum'mawa chiwerengero chinali chokwera kuposa pamenepo. Umboni wotere ndi umene anthu olimbana ndi maukwati a ana amanyamula akamapita kwa mafumu ndi ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa mwana wosafika zaka 18 usavomerezeke, ngakhale wa pachikhalidwe. Makolo akamuonjezera zaka mtsikana pamaso pa wofufuza chifukwa cha manyazi, umboniwo umachepa mphamvu.

Sindikunena kuti manambala a boma salakwa. Funsani namwino aliyense wa m'malire, ku Vubwi kapena kwanuko ku Chadiza. Chiwerengero cha ana oyenera katemera amachitenga ku kalembera, koma pa sikelo pamabweranso amayi ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, abale athu omwe, ndipo ana amachuluka kuposa amene ali papepala. Kalembera amene ankayenera kuchitika mu 2020 anachedwa mpaka 2022, ndiye kwa zaka 12 zipatala zinkagwira ntchito ndi ziwerengero zongoyerekeza kuchokera mu 2010, pamene maboma atsopano monga Chipangali, Kasenengwa ndi Lumezi anali atabadwa kale. Chimene chimandipwetekanso mtima n'chakuti anthu amene amayankha mafunso sauzidwa zotsatira. Malipoti amatuluka m'Chingerezi, pa intaneti, ndipo mayi wa ku Chadiza amene anapereka maola awiri a tsiku lake samva kalikonse. Zotsatirazi zimayenera kubwerera kumudzi, m'Chinyanja, pa wailesi ndi pa misonkhano ya mafumu. Zikanatero, apongozi anu sakanakhala ndi mantha otere.

Musadziimbe mlandu, mayi. Munamvera akulu pa nthawi imene panalibe wokufotokozerani bwino. Akadzabweranso, apempheni chitupa cha ntchito, ndipo ngati mukukayika funsani kwa nyakwawa, chifukwa asanayambe ntchito m'mudzi amayamba aonekera kwa mafumu. Muuzeni wofunsayo kuti mukufuna kucheza naye awiriwiri, kutali ndi khonde la apongozi. Funso limene lakulemerani mukhoza kulikana poyera, ndipo kukana kuli bwino kusiyana ndi kupereka nambala yolakwika. Koma mtima ukadzalola, mudzamutchule wachiwiri uja. Ngati analibe dzina, wofunsayo sadzakukakamizani kulipeka. Adzafuna kudziwa mwezi ndi chaka chimene anabadwa, ngati anali mnyamata kapena mtsikana, ndi masiku amene anakhala ndi moyo, ndipo inu mudzati atatu.