Funsani Makaniko: Hilux yanga ikutha madzi

FUNSO: Bambo Makaniko, ndili ndi Hilux yakale ya dizilo yomwe ndimanyamulira katundu kuchokera ku Songani kupita mumsika wa Zomba. Ikutha madzi, ndipo ndikayiimika ndimapeza madzi ofiira pansi pa injini. Rediyeta ndi mapaipi zili bwinobwino. Mnyamata wina wa pagalaja akuti ndi welsh plug, tingomata ndi Pratley. Ndimumvere?
Wodandaula, Chinamwali

YANKHO: Achimwene, matenda mnyamatayo wawapeza, koma mankhwala ake ayi. Welsh plug ndi kachitsulo kokhala ngati chotsekera botolo, kotseka mabowo omwe amatsala popanga buloko ya injini. Dzimbiri limakadya kuchokera m'kati, ndiye pomwe madzi ayamba kuonekera kunja, chitsulo chonse chapyapyala kale. Pratley agwira lero, koma tsiku lina mukukwera chitunda cha ku Chawe ndi katundu, kadzabooka penanso. Madzi onse pansi, injini n'kuwira, gasket (chotsekera cha pakati pa buloko ndi mutu wa injini) n'kupsa.

Kasintheni basi. Injini itazizira, khetsani madzi onse. Ikani punch (kandodo kachitsulo komenya ndi hamala) m'mphepete mwa kachitsuloko, osati pakati, n'kumenya pang'onopang'ono mpaka katembenuke, kenako kazuleni ndi pulayala. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa: amamenya mwaukali, kachitsulo n'kugwera m'kati mwa buloko, ndipo kukatulutsa kumeneko ndi ntchito ya thukuta. Palani bowolo ndi sandpaper mpaka liwale. Chakalecho mupite nacho kogula kuti saizi ifanane, ndipo mukapeza cha brass tengani chimenecho, sichichita dzimbiri. Pakani sealant (chomatira choletsa kudontha) pang'ono m'mbali, kenako khomerani ndi soketi yolowa bwino m'kati mwake, mowongoka, mpaka chifanane ndi mlomo wa bowo.

Kamodzi kakaola, dziwani kuti tinzake tili m'njira, choncho sinthani tonse tofikirika tsiku lomwelo. Koma ngati madzi akutsikira pakati pa injini ndi giyabokosi, kovutako kali kuseri kwa flywheel (gudumu lachitsulo la kumbuyo kwa injini), ndiye giyabokosi iyenera kutsika. Mugwirizane mtengo ntchito isanayambe.

Madzi ofiirawo ine andiuza kale zomwe mumathira: apampopi okhaokha, mwinanso otunga mu Likangala. Anthu amati coolant, mankhwala othira mu rediyeta, ndi wa kumayiko ozizira, osadziwa kuti ndi amene amaletsa dzimbiri. Tsukani m'katimo mpaka madzi azituluka oyera, kenako thirani coolant. Wosasungunula mumusakanize ndi madzi theka ndi theka, ndipo muwerenge kaye pabotolo chifukwa wina amabwera wosakaniza kale.