Mafunso Anu: Chidindo chopanda deti amachidziwa bwanji zaka zake?

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa intaneti kuti ku Yerusalemu anafukula chidindo cha Mfumu Hezekiya, akuti cha zaka pafupifupi 2,700 zapitazo. Nde kanthu kopanda deti chonchi amakawerenga bwanji ndipo zakazo amazitenga kuti, kapena amangoganizira basi? Ndine bambo wokonda mbiri yakale.

YANKHO: Zikomo bambo. Choyamba chimene anapezacho si chidindo chenichenicho ayi, ndi kadongo kamene chidindocho chinadindapo, akatswiri amakatchula kuti bulla. Kalelo munthu akalemba kalata pa gumbwa ankaipinda nkuimanga ndi kachingwe, pamfundopo nkumatapo dongo lonyowa kenako nkudinda. Kalatayo inaola kalekale koma kadongo kamatsala, makamaka ngati nyumba inapsa poti moto umakalimbitsa. Ka Hezekiya kanapezeka ndi gulu la Eilat Mazar pamalo otchedwa Ophel mu 2009 nkulengezedwa mu 2015, kukula kwake kungopitirira sentimita imodzi pang'ono, koma pakuwerengeka bwinobwino kuti "cha Hezekiya mwana wa Ahazi mfumu ya Yuda", pakati pali dzuwa lamapiko.

Kuwerenga kokhako sikovuta kwenikweni kwa amene anaphunzira. Zilembo zake si zamakona zija za Chiheberi cha masiku ano, ndi zakale zofanana ndi za Afoinike, zilipo 22, mavawelo mulibe ndipo mumayambira kumanja kupita kumanzere. Pamwala wa chidindocho wogoba ankalemba chotembenuza kuti chikadindidwa chioneke bwino. Zambiri zimayamba ndi chilembo cha lamed chomwe chikutanthauza "cha", kenako dzina la mwini wake, la bambo ake, nthawi zina ndi udindo monga mlembi kapena mtumiki wa mfumu. Basi, pa zambirizi deti palibe.

Nde zaka zimachokera mudothi momwe chapezekamo. Mizinda ya kumeneko inkamangidwa pamwamba pa mabwinja a mzinda wakale, ukagwa wina nkumangaponso, ndiye ofukula amatsika pang'onopang'ono nkumalemba kuti ichi chinali pansi pa khoma liti, pambali pa miphika ya mtundu wanji. Mu 1982 Yigal Shiloh anapeza timadongo 51 m'chipinda chimodzi chopsa mu Mzinda wa Davide, m'phulusa la moto umene Ababulo anatentha nawo Yerusalemu mu 586 BC, nde apa palibe kukangana, tonseto tinadindidwa moto usanayake. Kamodzi kali ndi dzina la Gemariya mwana wa Safani, yemwe akutchulidwanso pa Yeremiya 36. Ku Lachish nakonso kuli mabwinja a mzinda umene Senakeribu mfumu ya Asuri anauwononga mu 701 BC, mmenemo munali mitsuko yambiri yodindidwa pa zogwirira mawu oti lmlk, "za mfumu".

Malo ngati amenewa ndi amene amapatsa akatswiri poyambira. Akaona mmene mlembi wa 701 ankagonekera chilembo cha he kapena mem nkufananiza ndi wa 586 amatha kunena kuti chidindo china chili pakati penipeni kapena chakumayambiriro, koma musanamizidwe, kalembedwe kamangokupatsani zaka makumi angapo mwinanso 100, osati chaka chenicheni, paja wogoba wachikulire amapitiriza kulemba mmene anaphunzirira ali mnyamata. Mayina amathandizako, a ku Yuda amakonda kuthera ndi yahu pomwe a ufumu wakumpoto wa Israeli amathera ndi yaw. Zithunzi nazo, zidindo za m'ma 700 BC zambiri zili ndi mikango, mapiko ndi zina zotengera ku Iguputo pomwe za kumapeto kwa ufumu wa Yuda zambiri ndi malemba okhaokha. Za kaboni 14, njira yoyezera zaka za zinthu zomwe zinali zamoyo, sizigwira pa mwala, ndipo olo mutayeza njere zopsa zapambali pake, zaka za pakati pa 800 ndi 400 BC ndi nthawi yomwe njirayi imapereka mayankho otambalala kwambiri.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi pa dzina. William Albright, katswiri wamkulu ndithu, anawerenga chidindo cha Eliyakimu mtumiki wa Yokan chodindidwa pa zogwirira mitsuko nkunena kuti Yokan ameneyu ndi Mfumu Yehoyakini wa 597 BC, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankawerengera zaka za mabwinja ena potengera zimenezo. Kenako zinadzaoneka kuti mitsuko yake ndi ya nthawi ya Hezekiya, zaka zoposa 100 m'mbuyo, Yokan uja anali munthu wina chabe.

FUNSO: Nanga cha mneneri Yesaya ndi cha Baruki mlembi wa Yeremiya, nzoona kapena ndi feki? Ndine mayi wowerenga magazini yanu.

YANKHO: Mayi, ziwirizi nzosiyana. Kadongo ka Yesaya ndi kenikeni, kanafukulidwa ku Ophel komweko pafupi ndi ka Hezekiya nkulengezedwa mu 2018, vuto nloti nkobenthuka. Dzina la Yesaya likuoneka, mmunsi muli zilembo nby, ndipo kuti akhale mawu oti mneneri pakufunika chilembo cha alef kumapeto, ndendende pomwe pawonongeka. Popanda alefyo likhoza kungokhala dzina la bambo ake kapena la banja, komanso a Yesaya analipo ambiri nthawi imeneyo. Ine ndingati mwina, osapitirira apo.

Ka Baruki nde kali ndi mavuto ena. Sikanafukulidwe ndi akatswiri, kanangotulukira kwa ogulitsa zinthu zakale m'ma 1970 nkufalitsidwa ndi Nahman Avigad, palibe amene angakulozereni dothi lomwe kanachokamo. Mu 2014 Yuval Goren ndi Eran Arie atapima dongo lake ndi mmene kanapangidwira ananena kuti nkopanga masiku ano, ngakhale ena amatsutsabe. Opanga feki amadziwa kuti dzina la m'Baibulo limakweza mtengo, nchifukwa chake akatswiri ambiri pano chinthu chogula pamsika amachiika padera, sachigwiritsa ntchito poyezera zaka za zinzake.