Ndagwanso: kodi ndinalapadi, kapena Mulungu ananditaya?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina. Anandipempha kuti dzina lake ndilibise, koma anandilola kumuyankha poyera chifukwa, monga ananenera mwini wake, mwina sali yekha. Ndaifupikitsa motere:

"Ndinalandira Yesu zaka 6 zapitazo ndipo kumpingo ndimaphunzitsa achinyamata. Koma ndili ndi vuto loonera zolaula pa foni. Ndimalapa ndi misozi, ndimatha milungu iwiri kapena itatu ndili bwinobwino, kenako ndagwanso. Ndasala kudya, ndalumbira, ndapemphereredwa. Tsiku lina ndinawerenga Ahebri 10:26, pamene akuti tikachimwa dala titadziwa kale choonadi, sipatsalanso nsembe ya machimo. Kuyambira tsiku limenelo tulo sindikutiona. Kodi ndinalapadi? Kapena Mulungu ananditaya kale?"

M'bale wanga, ndiyambe ndi vesi lakulandani tuloli, chifukwa munthu amene akuganiza kuti mlandu wake unagamulidwa kale samva malangizo ena alionse. Tsegulani Ahebri 10 muwerenge mutu wonse. Vesi 25 likunena za anthu amene asiya kusonkhana ndi anzawo. Vesi 29 likumufotokoza munthu wochimwa dala uja: wapondereza Mwana wa Mulungu, magazi a pangano akuwayesa chinthu wamba, ndipo wachitira chipongwe Mzimu wa chisomo. Mukafika pa 32 mpaka 34 mupeza kuti amene analandira kalatayi anali atatonzedwa pagulu, anzawo ena ali m'ndende, iwo atalandidwa katundu chifukwa cha chikhulupiriro. Yesero lawo linali loti amusiye Khristu kuti apeze mpumulo, ndipo wolembayo akuwauza kuti mukachoka pa nsembe iyi, ina simukaipeza kulikonse. Tsono dzifunseni: munthu amene magazi a Yesu akuwaona ngati achabechabe angasowe tulo chifukwa chofuna kubwerera kwa Yesu yemweyo? Chenjezoli ndi loopsa ndithu, sindikulipeputsa. Koma munthu amene likumufotokozayo sindinamupeze m'kalata yanu.

Funso lanuli mpingo unalimbana nalo kalekale, mpaka unang'ambika nalo. M'chaka cha 250 mfumu ya Aroma, Decius, inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ndi kulandira chikalata chaumboni. Akhristu ambiri anagonja. Ena anaperekadi nsembezo, ena anagula zikalatazo mwakatangale kuti aoneke ngati apereka. Chizunzo chitazilala anabwera pakhomo pa mpingo akulira. Wansembe wina wa ku Roma, Novatian, anati chitseko chatsekedwa, ogwawo mpingo sungawalandirenso. Cornelius, amene anasankhidwa kukhala bishopu wa Roma mu 251, pamodzi ndi Cyprian wa ku Carthage, anati alandiridwe akadutsa nyengo ya kulapa. Mpingo waukulu unatsata awiriwa, Novatian n'kupatuka ndi gulu lake. Ndipo anthu amene ankakambidwawo anali atamukana Ambuye pamaso pa akuluakulu a boma, dzuwa likuswa mtengo.

Kodi akanawatsekera bwanji, pamene Petro anali atadutsa kale pakhomo lomwelo? Yohane ali ndi kamfundo kena kamene ndimakakonda kwambiri. Usiku umene Petro anakana katatu, anali akuotha moto wamakala m'bwalo la mkulu wa ansembe (Yohane 18:18). Yesu atauka, anawakonzera ophunzira ake moto m'mbali mwa nyanja, ndipo Yohane akutchulanso kuti unali wamakala (21:9). Fungo lomwelo, kutentha komweko kumaso, mafunso atatu. Yesu anamubweza Petro pa moto wofanana ndi umene anagwerapo n'kumupatsira ntchito pomwepo.

Ambiri amalekezera nkhaniyi pamenepa, ngati kuti Petro sanapunthwenso. Werengani Agalatiya 2:11-14. Patapita zaka zambiri, Pentekoste itadutsa, iye atalalikira anthu pafupifupi 3,000 n'kubatizidwa tsiku limodzi, Petro ali ku Antiokeya ankadya limodzi ndi Akhristu a mitundu ina. Atafika anthu ena ochokera kwa Yakobo, anayamba kudzipatula chifukwa chowaopa, mpaka Barnaba naye anatengeka. Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Chinamugwetsa n'chiyani? Kuopa anthu, chija chinamugwetsa pamaso pa mtsikana wa pachipata. Mtumwi wodzazidwa ndi Mzimu anatsimphina mwendo womwewo. Ngati kubwereza tchimo kukanakhala umboni woti kulapa koyamba kunali konama, ndiye kuti misozi ya Petro ija inali yachinyengo. Ndipo amene anatilamula kukhululukira m'bale wotilakwira kasanu ndi kawiri pa tsiku limodzi, akamabwera n'kunena kuti walapa (Luka 17:4), sangatipemphe chifundo choposa chimene ali nacho mwini wake.

Tsopano ndikuuzeni zowawa. Kulapa kwanu ndikukukhulupirira, koma njira imene mukumenyera nkhondoyi ndi yolakwika. Mwatchula misozi, malumbiro, kusala kudya ndi kupemphereredwa. Zonsezi n'zabwino, kupatula malumbiro amene ine ndaona kuti amangochulukitsa milandu. Koma simunatchule pamene foni yanu imagona usiku.

Augustine, mphunzitsi wotchuka wa mpingo wakale amene anabadwa mu 354 n'kubatizidwa ku Milan mu 387, analimbana ndi chilakolako cha thupi kwa zaka zambiri. M'buku lake la Confessions anaulula kuti ali mnyamata ankapempha Mulungu kuti amupatse kudziletsa, koma osati msanga. Chimene chimandithandiza kwambiri ndi mmene anafotokozera unyolo umene unamumanga. Anati chifuniro chokhota chimabala chilakolako, chilakolako ukachitumikira chimasanduka chizolowezi, ndipo chizolowezi ukapanda kuchikaniza chimasanduka chinthu chimene sungathenso kukhala popanda icho. Inu muli pa mphete yachitatu, mwina yachinayi. Pamenepo tchimo silipemphanso chilolezo. Dzanja limafika pa foni mutu usanaganize. Ndipo Augustine yemweyo, ali kale bishopu wa ku Hippo, analemba kuti zithunzi za moyo wake wakale zinkamubwererabe m'tulo. Zimene maso anasunga sizifufutika tsiku la ubatizo.

Taonani mmene Davide anagwera pa 2 Samueli 11. Inali nyengo imene mafumu amapita kunkhondo, iye anatsala ku Yerusalemu. Madzulo anadzuka pakama n'kumayendayenda padenga. Anaona mkazi akusamba. Anatuma munthu kukafunsa kuti ndi ndani. Atauzidwa kuti ndi mkazi wa Uriya, anatumabe amithenga kukamutenga. Werengani masitepewo. Pa sitepe yoyamba kukana kunali kosavuta, kungonyamuka n'kupita kumene asilikali ake anali. Pa sitepe yomaliza kukana kukanafuna mphamvu imene analibenso. Yakobo 1:14-15 akunena zomwezi ndi chithunzi cha pakati: chilakolako chimaima, kenako chimabala tchimo. Mwana sabadwa tsiku limene pakati paima.

Ndikuganiza kuti usiku wanu umayenda chonchi, mundikonze ngati ndalakwitsa. Mwatopa, kapena wina wakukhumudwitsani masana. Mwazimitsa magetsi, foni ili m'manja, mukuti mungoona mauthenga. Mwalowa pa Facebook kapena TikTok, chala chikungokankha, kenako kanema wina wosavala bwino wadutsa. Simunamufune, koma mwamubwezanso kuti muone bwino. Mphindi 20 zikamatha muli kwina. Ikamakwana 1 koloko mukufufuta zimene munatsegula, nkhope ili yowala ndi kuwala kwa foni, mumtima muli bii. Inuyo mumayamba kumenya nkhondo pa mphindi ya 19, muli nokha, mutatopa, mumdima. Pamenepo ngakhale abusa anu akhoza kugonja.

Malemba akamanena za Satana amati mukanizeni. Akamanena za dama amati thawani (1 Akorinto 6:18, 2 Timoteo 2:22). Yosefe sanakhale pansi kuti akambirane za chiyero ndi mkazi wa Potifara, anasiya chovala m'manja mwake n'kuthawira kunja. Populumukira pamene 1 Akorinto 10:13 akulonjeza nthawi zambiri pamakhala koyambirira kwa njira, ndipo sipaoneka pauzimu kwenikweni. Foni igone kuchipinda china, kapena kwa munthu wina. Gulani wotchi yokudzutsani kuti musanamizire alamu. Chotsani mapulogalamu amene amakhala khomo lolowera, tulukani m'magulu a WhatsApp amene mukudziwa zimene zimatumizidwamo, ikani zotchinga pa intaneti ndipo nambala yachinsinsi aisunge wina. Ngati zonsezi zikanika, kayendeni ndi kafoni kamabatani kwa miyezi ingapo. Anthu akusekani. Yesu ananena za kukolowola diso ndi kudula dzanja (Mateyu 5:29-30), inu akungokupemphani foni.

Ndisamaoneke ngati ndikulankhula ndili pamwamba pa phiri. Langa si la foni, langa ndi lilime. Sabata imene ndinaphunzitsa za lilime kuchokera pa Yakobo 3, mwana wanga anatayira madzi pa mapepala anga a kuntchito. Mawu amene ndinamulankhula sindingawalembe pano. Anangoima chilili, kapu ili m'manja, milomo ikunjenjemera, osalira n'komwe. Ndinali nditalapa za mkwiyo kambirimbiri. Chimene ndinali ndisanachite ndi kufunsa kuti umayambira pati. Nditafufuza ndinapeza kuti pafupifupi nthawi zonse ndimaphulika m'theka la ola loyamba nditangofika kuchokera kuntchito, nditasenza zimene ndinalephera kuwayankha akuluakulu anga. Mwanayo ankalipira ngongole ya anthu ena. Masiku ano ndimayamba ndaima panja kanthawi, n'kutula zimenezo pamaso pa Mulungu ndisanagwire chitseko. Ndimagwabe, koma mwa apo ndi apo, ndipo ndinaphunzira kupepesa kwa mwana tsiku lomwelo. Inunso funsani kuti zolaulazo zikukuphimbirani chiyani. Kusungulumwa? Nkhawa? Kukanidwa? Kawirikawiri munthu amathawirako kuti asamve ululu wina.

Pali chinanso chimene chikukugwetsani, ndipo mwina mukuchiyesa kulapa. Mukagwa mumatha masiku angati musanapemphere? Ambiri amadzipatsa chilango: masiku atatu osatsegula Baibulo, kuyenda chozolika, kudikira kuti ayere kaye kenako abwere kwa Mulungu. M'masiku amenewo mumabwera kaganizo kakuti poti ndagwa kale, ndingomalizitsa. Kugwa kumodzi kumasanduka sabata yathunthu. Paulo anasiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu, chimene chimabala kutembenuka mtima, ndi chisoni cha dziko lapansi, chimene chimabala imfa (2 Akorinto 7:10). Yudasi nayenso anamva chisoni, anabweza ndalama 30 zasiliva zija, anavomera kuti wachimwa. Koma anapita nazo kwa ansembe aakulu amene anamuyankha kuti zako zimenezo, kenako anachoka yekha. Petro atamva kuti amene waima pagombe ndi Ambuye, anadziponya m'madzi kulunjika komweko. Mukagwa 1 koloko, gwadani 1 koloko yomweyo. Ululani tchimolo ndi dzina lake, khulupirirani 1 Yohane 1:9, mugone.

Ndipo muuzeni munthu. Ine simukundidziwa, n'chifukwa chake kunali kosavuta kundilembera. Mukufunika munthu amene angakuyang'aneni m'maso, mwamuna wokhwima m'chikhulupiriro, wosunga pakamwa, amene mungamuimbire pa mphindi yachiwiri, osati ya 19 ija. Davide anati pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba (Masalimo 32:3), ndipo Yakobo 5:16 akumangiriza kuululirana machimo ndi kuchiritsidwa. Ngakhale bungwe la Alcoholics Anonymous, lothandiza anthu kusiya mowa, linayamba chonchi: mu 1935 ku Akron, Ohio, Bill Wilson atamva kuti watsala pang'ono kumwanso mowa, anafunafuna chidakwa chinzake choti alankhule nacho, n'kukumana ndi dokotala Bob Smith. Mutu umodzi susenza denga. Ngati zafika poti zikukuonongerani ntchito kapena tulo, kapena mukufuna zoipa kuposa zimene munayamba nazo, kaonaneninso ndi mlangizi wophunzira za maganizo. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Za achinyamata amene mukuwaphunzitsa simunandifunse, koma ndinena. Chigamulo chakuti mupitirize kapena mupume kaye musachipange nokha. Auzeni abusa kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, aone iwo. Mwina akuuzani kuti mupume miyezi ingapo, ndipo zikatero musakhumudwe. Koma kutchalitchi musasiye kupita, ngakhale Loweruka usiku mutagwa. Pitani mukakhale pampando wanu wa masiku onse.

Mundilemberenso pakatha mwezi. Sindidzakufunsani kuti mwagwa kangati. Ndidzakufunsani kumene foni ikugona, ndiponso ngati munthu uja mwamupeza.