Kompyuta yojambula TV: igone, koma igone bwanji?

Bambo wina wa ku Senga Bay wandilembera imelo. Akuti kompyuta yawo yojambula mapulogalamu a pa TV imayaka usana ndi usiku, mayunitsi sakuchedwa kutha. Aigoneke bwanji kuti izidzuka yokha nthawi yojambula?

Bambo, funso lanuli landifika pamtima. Ine ndinayamba zimenezi chifukwa cha mayi anga. Nyengo yokolola mpunga ku Lifuwu ankafika kunyumba kutada, nkhani za madzulo pa MBC zitadutsa kale, ndipo zinkawawawa. Ndinalumikiza kachipangizo kolandirira TV ya digito (DVB-T2) ku desktop yakale kuti aziwonera atasamba, atadya. Ankakondwa, koma mita inkathamanga. Werengani nokha: makina odya mawati 60 akayaka maola 24 amamaliza mayunitsi oposa 40 pa mwezi, pomwe ntchito yake ndi ya ola limodzi patsiku. Kumeneko n'kutaya ndalama ya ndiwo. Nanga kutentha kwa Salima mu Okutobala? Fani imalira osapuma, ikukoka fumbi, ndipo hard disk, yomwe imasunga mafayilo onse, imafooka msanga.

Ambiri angakuuzeni kuti ikani Sleep basi. Ine ndikukana. Pa Sleep, pamene kompyuta imangogona osazima, zonse zimakhala mu RAM, mosungira zinthu mongoyembekezera, ndipo RAM imafuna magetsi kosalekeza. Amene amalemba malangizo oterowo amakhala kumene magetsi sazima. Kuno akangothima, kompyuta yaiwala zonse, ndipo ngakhale abwerere siidzuka. Tsiku lina mayi anakhala pampando kudikira nkhani za mtengo wa feteleza, n'kupeza palibe chomwe chajambulidwa. Zinandipweteka kwambiri. Ndimadabwanso kuti tili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima konkuno, koma ambiri m'nyumba sitinaphunzire kusamala yuniti imodzi.

Zoti muchite

Sankhani Hibernate, njira ina yogonekera kompyuta. Imasunga zonse pa disk, choncho kuzima kwa magetsi sikuwononga kanthu. Mu Windows, pa Power Options, yatsani Allow wake timers kuti pulogalamu yojambulira, monga NextPVR, izitha kuidzutsa. Mu BIOS, tsamba la makonzedwe lomwe mumalowamo kompyuta ikangoyamba kuyaka, pa Restore on AC Power Loss ikani Power On, kuti magetsi akabwera iziyaka yokha. Ipatseni mphindi 5 zoti idzuke pulogalamu isanayambe. Ngati wotchi yake ikusokonekera, sinthani kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, apo ayi izidzuka nthawi yolakwika.